Khofi wa chi Turkey akukana kutulutsa thovu kunyumba? Tiyeni tione pomwe pakulakwika

Amene mumapita ku Istanbul kukaoda zovala mukudziwa zomwe zimachitika mukangolowa m'shopu ku Laleli kuja, mwini shopu asanatulutse n'komwe kalikuleta amayamba wafunsa kuti mumwa chani, tiyi kapena khofi. Ambiri timangoti tiyi poti ndi amene tinakula naye, koma tsiku lina ine ndinati ndilaweko khofi wawoyo. Anabwera m'kakapu kakang'ono zedi, pamwamba pali thovu lofiirira, lokhuthala, lophimba kapu yonse osaoneka olo kadontho ka khofi wakuda, pambali tambula ya madzi ozizira ndi kaswiti kofewa kaja amati lokum. Mtima wanga unatsala pomwepo. Pobwerera ndinagula kapoto kake kamkuwa, iwo amalemba cezve koma potchula amati jezve, ndi mapaketi atatu a khofi wa Kurukahveci Mehmet Efendi, shopu yakalekale ija ya ku Eminönü pafupi ndi msika wa zokometsera ndiwo, inayamba mu 1871 ndipo mpaka lero anthu amaima pamzere panja kudikira khofi wongogaya kumene.

Kufika kunyumba, kapoto komweko, khofi yemweyo, koma thovu kulibe. Tsiku lina limabwera pang'ono n'kuthera m'poto momwemo, tsiku lina khofi yense amasefukira pa sitovu, tsiku lina ndimamwa ngati ndikutafuna mchenga. Zinanditengera masabata angapo ndi paketi yathunthu kuti ndizindikire chinthu chimodzi, ndipo ndichinene pompano kuti musavutike ngati ine: manja athu anazolowera tiyi. Tiyi timayamba tawiritsa madzi mpaka abwate, timaponyamo masamba, timavundula, timasefa. Zonse zinayizi ndi zolakwika pa khofi uyu. Iyeyu amayamba ndi madzi ozizira, saloledwa kubwata, savundulidwa akangotentha, ndipo sasefedwa. Mavuto pafupifupi onse omwe anthu amandifunsa amachokera pa chizolowezi cha tiyichi.

Thovu silikubwera, kapena likubwera n'kuthawa

Apa ndi pomwe ndikhalitsepo chifukwa thovu ndi lomwe limakuuzani ngati zonse zayenda bwino. Anthu a ku Turkey amaliti köpük ndipo kupatsa mlendo khofi wopanda thovu kwa iwo ndi chamanyazi, zili ngati kwathu kuno kupereka nsima ya mibulu kwa apongozi.

Choyamba muone moto. Thovu limapangidwa ndi mpweya womwe umakhala mkati mwa khofi wokazinga, pamodzi ndi mafuta ake ndi tinthu tating'onoting'ono ta ufawo, ndiye zimenezi zimafuna nthawi kuti zikwere pang'onopang'ono n'kugwirana pamwamba. Mukaika moto waukulu madzi apansi amatentha msanga, amatumiza mabaluni akuluakulu a nthunzi omwe amaboola thovulo lisanagwirane, basi zathera pomwepo. Pa gasi chepetsani moto mpaka pomwe utsala pang'ono kuzima. Pa hotipuleti ikani pa 1 kapena 2, ndipo ngati puleti yake ndi ija imatentha kwambiri olo muichepetse, ikani kapotoko m'mphepete osati pakati. Makapu awiri azitenga mphindi 3 kapena 4 kuti afike. Akafika pasanathe mphindi imodzi ndi theka dziwani kuti moto wachuluka, olo thovu litaoneka lidzakhala la maso akuluakulu losachedwa kuphwa.

Ndipo apa mbaula isakuchititseni manyazi ayi, ndi imene imaphika bwino kuposa zonse. Nyumba zoyamba zomwera khofi ku Istanbul zinatsegulidwa m'zaka za m'ma 1550 ku Tahtakale, khofi akuchokera ku Yemen, ndipo nthawi imeneyo kunalibe gasi kunalibe magetsi, amaphika pa makala okwiriridwa ndi phulusa. Mpaka lero amati khofi wokoma kwambiri ndi wa közde, kutanthauza wa pa makala ofiira, ndipo ena amaphikira mu mchenga wotentha. Ndiye mukatha kuphika nsima makala atayamba kuyera phulusa pamwamba, malawi kulibe, nthawi yake ndi imeneyo. Khazikani kapoto pambali pa makalawo n'kukankhira phulusa lotentha mozungulira. Ine thovu langa loyamba lenileni ndinalipeza tsiku lomwe magetsi anazima, ndinasangalala mpaka kuitana achemwali anga kuti adzaone.

Chachiwiri, mukumulola kuwira. Ichi ndiye chimasokoneza anthu ambiri chifukwa m'mutu mwathu chakumwa chomwe sichinawire ndi chosapsa. Imani pomwepo muziyang'ana. Poyamba pamwamba pamakhala ngati matope akuda, kenako m'mphepete mozungulira mumayamba kamzere ka thovu loyererako, kamzereko kamayenda kulowera pakati, pakati n'kutsala kadiso kakuda, kenako kadisoko kamatsekeka ndipo thovu lonse limayamba kutukumuka kukwera. Pamenepo phulani. Osadikira kumva phokoso la kubwata, mukalimva mwachedwa kale, thovu lasungunuka ndipo silibweranso olo mubwezere pamoto kangati.

Mukaphula tengani supuni yaing'ono, wengulani thovulo n'kugawira m'makapu mofanana, kenako bwezerani kapoto pamoto kwa masekondi ochepa kuti khofi akwerenso, muphule, muthire m'makapu pang'onopang'ono motsamiritsa m'mbali mwa kapu kuti thovu munaika lija linyamuke lokha kubwera pamwamba. Mukathira kuchokera m'mwamba ngati mukuziziritsa tiyi wa mwana mwaliphwanya nokha. Ena amakweza katatu, ndamvapo ambiri akunena zimenezo, koma ine ndinayesa ndipo kachitatu kamangoonjezera kuwawa thovu n'kuchepa, kawiri n'kokwana, ndipo ngati ndi kapu imodzi yokha kamodzi basi n'kuthira.

Chachitatu ndi supuni. Kuvundula kumachitika kamodzi kokha, pachiyambi madzi akadali ozizira, kuti khofi anyowe yense ndipo shuga asungunuke. Kenako supuni ikhale patali. Dzanja limayabwa ndikudziwa, umafuna uvundule poona ngati zagwirana pamwamba, koma chogwirana pamwambacho ndi chomwe chikusanduka thovu.

Chachinayi ambiri sachiganizira, kukula kwa kapoto. Cezve amamupanga wotambalala pansi, wopanikizika pakhosi, n'kutambalalanso pang'ono kukamwa, ndipo khosilo ndi lomwe limasonkhanitsa thovu kuti likhuthale. Ndiye mukagula wa makapu 6 n'kumaphikiramo kapu imodzi, khofi amangokhala pansi potambalala paja, thovu limamwazikana n'kukhala lopyapyala. Madzi azifika pansi pang'ono pa khosi. Bola kukhala ndi timapoto tiwiri, ka makapu awiri ndi ka makapu anayi, kusiyana ndi chimodzi chachikulu. Ngati mulibe cezve mutha kuyamba ndi kapoto kakang'ono kowiritsira mkaka, khofi akoma ndithu koma thovu likhala lochepa, musadziimbe mlandu.

Chomaliza pa nkhani ya thovu ndi khofi wokhalitsa. Paketi yanga yachitatu ndinaitsegula n'kuisiya mu kabati yongopinda pakamwa, patatha mwezi ndi theka thovu linasiya kubwera ngakhale ndimachita zonse molondola. Khofi wogayidwa mosalala chonchi amataya mpweya ndi fungo msanga kwambiri kuposa wa njere, poti kanthu kalikonse kali poyera. Mukatsegula thirani m'botolo lotseka bwino, muike pouma pa mdima, kutali ndi sitovu ndi zonunkhira ngati adyo kapena usipa, ndipo yesetsani kumumaliza m'masabata awiri kapena atatu. Pogula sankhani timapaketi ta magalamu 100 tingapo osati chitini chimodzi chachikulu. Mufiriji musaike, amakoka chinyezi ndi fungo la ndiwo.

Mkamwa mukumveka mchenga

Khofi uyu sasefedwa, ufa wonse umapita m'kapu n'kukakhala pansi, nsenga zimenezo iwo amati telve. Ndiye kuti zikhazikike pansi bwinobwino ufa uyenera kukhala wosalala kwambiri, kuposa wa espresso. Tapani pang'ono mufikise pakati pa zala. Ukamveka ngati ufa woyera wosefa bwino kapena ngati koko, uli bwino. Ukamveka ngati mgaiwa kapena shuga, ndi wokhakhala, tizidutswa take timayandama m'malo momira ndipo ndi timene mukutafunato. Khofi wogaya kale yemwe amagulitsa m'masupamaketi athu ambiri anagayira pulanja kapena fyuluta, zipangizo zophikira khofi wosefa, wameneyo saphikika mu cezve osamugayanso. Ndipo wosungunuka uja, Nescafé, Ricoffy ndi anzake, ndi chinthu china, alibe nsenga alibe thovu lamtunduwu, musataye naye nthawi.

Tsono paketi ya ku Istanbul ikatha mutani? Apa ndi pomwe ife tili ndi mwayi. Ku Turkey khofi wambiri amaitanitsa kunja, makamaka ku Brazil, pomwe ife arabica timalima tokha ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku Thyolo, ndipo njere za Mzuzu Coffee zimapezeka m'mashopu. Tengani zokazinga pakatikati, zofiirira, osati zakuda zonyezimira mafuta, zakuda kwambiri zimawawa ndipo thovu lake silikhalitsa. Vuto limangotsala pogaya. Timakina ta magetsi ta mipeni tija timagaya mosalingana, ndiye muzigaya pang'onopang'ono modukiza masekondi 10, kugwedeza, kugayanso, osalola kuti katenthe chifukwa kutentha kumathawitsa fungo, kenako sefani ndi kasefa ka maso ang'ono kwambiri, zotsala pamwamba mubwezere.

Njira ina ndi mtondo, ndipo musaganize kuti ndi zongopeka zakumudzi, ku Turkey komweko kuli khofi wotchedwa dibek, ndipo dibek ndi mtondo basi, amasinja njere ndi munsi m'malo mogaya. Chofunika ndi chakuti mtondowo ukhale wa khofi yekha, waung'ono, wouma. Mukasinjira momwe mumasinjira nsinjiro kapena tsabola khofi atenga fungo limenelo ndipo mafuta a mtedza amapha thovu. Sinjani pang'ono, za masiku awiri atatu, sefani, sinjaninso zotsala. Ndi ntchito, sindinama, koma fungo lomwe limatuluka pamenepo silipezeka m'paketi iliyonse.

Ngati ufa uli wosalala koma mchenga ukumvekabe, ndiye kuti mukufulumira kumwa. Mukathira m'kapu dikirani mphindi imodzi kapena iwiri, ndi nthawi yomwera madzi aja a pambali, amabwera kuti mutsuke mkamwa musanayambe khofi. Kapu isagwedezeke, supuni isalowemo, imwani pang'onopang'ono ndipo mukangomva kuti wayamba kukhuthala pa milomo siyani pomwepo, zapansizo sizimwedwa. Tonse tinazolowera kugwedeza chikho cha thobwa kuti nsenga zisatsale, apa ndi mosemphana.

Wasefukira pa sitovu

Ili yankho lake ndi lalifupi. Khofi uyu akayamba kukwera amathamanga kuposa mkaka, masekondi 5 okha okwana kuti akhale pa sitovu yense. Foni ikhale kuchipinda, dzanja likhale pa chogwirira kuyambira pomwe kamzere ka thovu kaoneka. Komanso musadzaze kapoto mpaka kukamwa, thovu lisowa kokwera.

Akuwawa kwambiri, kapena wasukuluka ngati madzi

Kuwawa kopsereza kukhosi nthawi zambiri ndi kuwira komwe tanena kuja, kapena kusiya kapoto pamoto nthawi yaitali mopitirira, chifukwa nako kuchepetsa moto mpaka khofi kutenga mphindi 10 kumamutulutsa zowawa zonse. Kusukuluka ndi muyezo. Kapu yawo, fincan, potchula finjan, imalowa mamililita pafupifupi 60 mpaka 70 basi, ndipo pa kapu iliyonse pamafunika magalamu 6 kapena 7 a khofi, kunena kwake supuni yaing'ono ya tiyi iwiri yodzaza bwino. Cholakwika chomwe ndimaona kawirikawiri n'chakuti munthu akuyeza madzi ndi chikapu cha tiyi cha mamililita 250 n'kuika masupuni awiri omwewo, zotsatira zake madzi akuda opanda kukoma opanda thovu. Yezani madzi ndi kapu yomwe mumwere, kapu imodzi ya madzi pa munthu aliyense, ndipo ikhale yaing'ono. Ngati mulibe fincan, ka espresso kakwana. Mukafuna wambiri phikani kawiri, osakulitsa kapu, poti m'chikapu chachikulu thovu limamwazikana ndipo khofi amazizira nsenga zisanakhale pansi.

Madzi nawo amalankhula. A pampopi akamanunkha klorini khofi amanunkhanso, ndiye atungeni muwasiye mu jagi yosavindikira usiku wonse kapena gwiritsani a m'botolo. A pa mjigo ena amakhala amchere kapena achitsulo, amenewo amaphimba kukoma konse. Ndipo akhale ozizira kapena ongokhala m'nyumba, osati a m'ketulo. Ndikudziwa kuti m'mawa munthu amafuna kuchepetsa nthawi poyamba ndi madzi otentha, koma mukatero khofi amafika pokwera asanapereke kukoma kwake.

Pali kena kamene sindinakaganizire mpaka mnzanga wina wa ku Johannesburg atadandaula kuti wake amakwera msanga koma amamveka wosapsa. Istanbul ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 100. Kumtunda madzi amawira asanafike pamenepo, ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi cha pa 96 kapena 97, ku Johannesburg komwe ndi mamita pafupifupi 1,750 m'mwamba ndi cha pa 94. Ndiye kumalo okwera khofi amafika pokwera mofulumirirako, mankhwala ake ndi kuchepetsanso moto kuti nthawi italikeko pang'ono. Amene muli ku Nkhata Bay, Salima, Mangochi kapena ku Nsanje, ndi inu a ku London, zimenezi sizikukhudzani kwenikweni.

Shuga, mkaka ndi zina

Shuga amalowa pachiyambi pamodzi ndi khofi, madzi akadali ozizira. Mukathira m'kapu mudzafuna kuvundula, ndipo kuvundula kudzutsa nsenga zonse n'kuswa thovu, mavuto awiri pakamodzi. N'chifukwa chake ku Turkey amafunsa asanaphike kuti mukufuna wotani: sade ndi wopanda shuga, az şekerli wa shuga pang'ono ngati theka la supuni, orta wapakati supuni imodzi, şekerli wotsekemera. Alendo akafuna mosiyana ndiye kuti muphika kawiri, palibe chidule. Ife timakonda shuga, koma yambani ndi orta, shuga akachuluka khofi amamata pansi pa kapoto ndipo fungo la khofi limabisika. Mkaka wothira m'kapu ayi. Zokometsera ngati cardamom zimapezeka kwambiri kwa Aarabu kuposa ku Istanbul, mukafuna ikani kambewu kamodzi kophwanya pachiyambi.

Mchere wokha ndi womwe uli ndi nkhani yake yosangalatsa. Banja la mnyamata likapita kukafunsira mbeta, mtsikana ndi amene amaphika khofi wa alendo onse, ndipo m'kapu ya mnyamatayo amaikamo mchere m'malo mwa shuga, iye ayenera kumwa yense osakwinya nkhope kuonetsa kuti ndi wopirira. Anthu amaonanso thovu lake kuti mtsikanayu analeredwa bwanji pa nkhani yolandira alendo. Miyambo ngati imeneyi ndi yomwe inachititsa kuti mu 2013 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, iike khofi wa chi Turkey pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kusungidwa, mndandanda womwewo womwe pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Ine nditadziwa zimenezo ndinasiya kumuphika mothamanga.

Mawu amodzi kwa a BP ndi amene khofi amawathamangitsa mtima: kapuyo ndi yaing'ono koma ndi yamphamvu, ndipo khofi wosasefa amakhala ndi mafuta ena omwe amatha kukweza kolesitulo mukamamwa makapu ambiri tsiku ndi tsiku. Imodzi kapena iwiri patsiku, ndipo osati usiku.

Akumveka chitsulo mkamwa

Ngati zonse mwakonza koma khofi akumveka ngati mwanyambita ndalama yachitsulo, suzumirani mkati mwa kapoto. Cezve wamkuwa mkati mwake amamupaka chitsulo choyera chotchedwa tin kuti mkuwa usakhudzane ndi chakumwa. Mukamakwecha ndi sitiliwulu kapena mchenga ngati momwe timakwechera mapoto a nsima, choyeracho chimachoka, mkuwa wofiira n'kuyamba kuonekera. Zikafika pamenepo siyani kuphikiramo, makamaka mukaona zobiriwira, zimenezo ndi zoipa m'thupi. Ku Turkey kuli amisiri ake opakanso, amawatcha kalaycı, ndiye ngati muli ndi ulendo wina mutha kukatenga kuti akakonze, apo ayi gulani ka stainless steel, sikafalitsa kutentha mofanana ngati kamkuwa koma sikavuta kusamala, ndipo ndi kamene kamagwira pa sitovu za induction, zija zimatenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, pomwe kamkuwa sikatentha n'komwe, bola pansi pake pazigwira maginito.

Kutsuka kwake ndi madzi ofunda ndi kasiponji kofewa mukangomaliza kuthira, nsenga zisanaume. Sopo pang'ono zedi kapena osaika, ndipo tsukuluzani kawiri chifukwa kafungo ka sopo kakatsalira kamamveka m'kapu yotsatira. Pukutani ndi nsalu youma musanakoloweke, ndipo musakaike pamoto kalibe madzi mkati olo kwa kanthawi kochepa, tin sachedwa kusungunuka.